Kusankha choziziritsira purosesa chosasokosa kuno kuchigwa cha Shire

Kompyuta ya patebulo ikamalira kwambiri masana, ambiri amathamangira kukagula fani ina. Koma fani imathamanga chifukwa purosesa, ubongo wa kompyuta, yatentha, ndipo kuno purosesa imatentha msanga chifukwa mpweya umene fani ikukankha ndi wotentha kale. Ku Nsanje, Bangula, Ngabu, Nchalo ndi Chikwawa, mu Okutobala ndi Novembala kunja kumafika madigiri 40 ngakhale kupitirira, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i simusiyana ndi panja. Choziziritsira chimene chimakhala duu mu ofesi ya ku Blantyre chikhoza kusokosa tsiku lonse chikatsika phiri kudza ku Thabwa. Langizo lathu lalikulu ndi lakuti mugule choziziritsira cha chitsulo chachikulu kuposa chimene purosesa yanu ikufuna pa pepala, kuti fani izizungulira pang'onopang'ono koma ntchito n'kumayenda.

Yambani mwapeza kumene phokoso likuchokera

Musanatulutse ndalama, tsegulani chitseko cha m'mbali cha kesi, bokosi lokuta zipangizo zonse, kompyuta ili yoyaka, kenako mvetserani. M'kati muli zinthu zingapo zolira: fani ya pa purosesa, fani ya m'bokosi la pawa, mafani a kesi, a pa khadi la zithunzi ngati lilipo, ndi hard disk yozungulira. Fani ya kesi kapena ya purosesa mukhoza kuiimitsa kwa masekondi awiri kapena atatu pogunda chala pakati pake penipeni, osati pa mapiko. Phokoso likaduka, mwaipeza. Fani ya m'bokosi la pawa musaikhudze, ndipo bokosilo musalitsegule, chifukwa limasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Kulira kosiyana kumanena mavuto osiyana. Kuwomba kwa mphepo kosalekeza ndi fani yothamanga kwambiri. Kukhwekhwereza kapena kuti gulugulu ndi bering'i yatha. Kunjenjemera kwa kesi yonse nthawi zambiri ndi hard disk kapena sikuluwu yomasuka, ndipo hard disk mankhwala ake ndi kuika SSD basi, imene imasunganso mafayilo koma ilibe chozungulira chilichonse. Yang'ananinso ngati kachingwe kena sikakukhudza mapiko.

Pamenepo tsegulani pulogalamu ya HWiNFO kapena HWMonitor, muone kutentha kwa purosesa isakugwira ntchito, kenako muipatse ntchito yolemera kwa mphindi 10, monga pulogalamu ya Cinebench. Chitani zimenezi masana, cha m'ma 2 koloko, osati m'mamawa kukadali kozizira. Lembani manambala awiriwo pamodzi ndi kutentha kwa chipinda nthawi imeneyo.

Dziwani mtundu wa kompyuta yanu ndi soketi yake

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Makompyuta ochuluka amene ali m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu ojambulira mapepala kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, a mtundu wa Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena EliteDesk, ndi Lenovo ThinkCentre. Ambiri mwa amenewa ali ndi kamangidwe kawokawo. Masikuluwu a choziziritsira amalowa m'chitsulo cha kesi kapena m'mbale yapadera ya kampaniyo, ndipo ma OptiPlex ambiri ali ndi pulagi ya fani ya mano 5 m'malo mwa 4. Mukaikamo fani wamba, mwina siilowa, mwina kompyuta imaima poyaka n'kulemba kuti fani yafa. Makesi ake aang'ono aja, a SFF, alibenso malo a chitsulo chachitali. Ngati yanu ndi yotere, musagule choziziritsira cha nsanja, chitsulo chachitali choimirira pa purosesa. Chotsani fumbi, sinthani thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi chitsulo, ndipo ngati bering'i yatha funani fani ya nambala yomweyo yolembedwa pa sitika ya yakaleyo.

Ngati kompyuta ndi yochita kulumikiza, yokhala ndi motherboard, bolodi lalikulu lolumikizapo zipangizo zonse, ya ASUS, Gigabyte, MSI kapena ASRock, tsegulani pulogalamu ya CPU-Z. Pa tsamba loyamba mupeza dzina la purosesa ndi soketi yake, malo amene purosesayo imakhalamo pa motherboard. Kwa Intel, masoketi a LGA1150, LGA1151, LGA1155 ndi LGA1200 ali ndi mabowo omangira choziziritsira otalikirana mofanana, mamilimita 75, choncho choziziritsira chimodzi chimakwana onsewo. LGA1700, ya mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14, mabowo ake ndi mamilimita 78, ndipo LGA1851 inatengera omwewo. Kusiyana kwa mamilimita atatu kumaoneka kochepa koma zomangira zakale sizigwira. Kwa AMD pali AM4 ndi AM5, imene inabwera mu 2022. Zoziziritsira zambiri za AM4 zimakwana pa AM5, kupatula zimene zimafuna kuti muchotse mbale ya kumbuyo kwa motherboard, poti ya AM5 siichotsedwa.

Werengani pa bokosi kuti soketi yanu yalembedwapo, ndipo ngati mukugula chakale kwa munthu, werengani zomangira zake chimodzichimodzi. Chitsulo chabwino chopanda mabulaketi a soketi yanu n'chopanda ntchito.

Werengani moto wa purosesa, muonjezere moto wa chipinda

Nambala ya TDP, mawati amene kampani imalengeza za purosesa, si malire a moto umene imatulutsa. Core i5-12400 imalembedwa mawati 65, koma ikalimbikira imaloledwa kufika 117. Ryzen 7 5800X imalembedwa 105 koma imafika 142. Core i7-13700K imalembedwa 125 pamene ikhoza kukoka 253. Mawati onsewo amasanduka kutentha, ndipo choziziritsira chiyenera kuwachotsa. Posankha, tengani nambala yapamwambayo.

Kenako pali masamu amene ogula ambiri kuno sawachita. Choziziritsira cha mpweya sichingaziziritse purosesa kuposa mpweya wa m'chipinda. Chimangosunga purosesa madigiri akutiakuti pamwamba pa mpweyawo. Anthu amene amayesa zoziziritsira n'kulemba zotsatira pa intaneti amayesera m'zipinda zozizira, za madigiri 20 kufika 25. Tiyerekeze kuti mwawerenga kuti purosesa inafika madigiri 70 m'chipinda cha madigiri 22. Kusiyana kwake ndi 48. Mukabwera nacho m'chipinda cha madigiri 38 ku Bangula, purosesa yomweyo ifika pafupifupi 86. Motherboard ikaona 86 imathamangitsa fani mpaka pamapeto, ndipo ndilo phokoso lija. Mapurosesa ambiri a Intel amayamba kudzichepetsa liwiro akafika madigiri 100, a Ryzen pa 90 kapena 95 malinga ndi mtundu, choncho kompyuta imasokosa n'kumachedwanso.

Nambala ya mawati yolembedwa pa bokosi la choziziritsira musaikhulupirire kwambiri, chifukwa kampani iliyonse imayeza mwa njira yake. Ife timati kwerani sitepe imodzi. Purosesa ya mawati 65, imene kwina imakhutira ndi kachoziziritsira kobwera m'bokosi, kuno ipatseni nsanja imodzi ya fani ya mamilimita 120 ndi mapaipi 4, monga DeepCool AK400, Cooler Master Hyper 212 kapena be quiet! Pure Rock 2. Purosesa yofika mawati 120 mpaka 150 ipatseni choziziritsira cha nsanja ziwiri ndi mapaipi 6, monga Thermalright Peerless Assassin 120 SE kapena Noctua NH-D15. Yopitirira mawati 200 sikhala chete m'chilimwe cha kuno ndi choziziritsira chilichonse pokhapokha muichepetse moto mu BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa motherboard, zimene tifotokoze kutsogoloku.

Mapaipi amkuwa aja m'kati mwake muli timadzi pang'ono, mpweya unachotsedwamo. Timadzito timasanduka nthunzi pa purosesa, n'kukwera ku timapepala ta aluminiyamu, n'kuzizira, n'kubwerera pansi. Paipi yoboka kapena yopindika mwankhanza yafa, ngakhale kunja ikuoneka bwino. Pogula chakale, yang'anani nsonga za mapaipi kuti sizinaphwanyike.

Nanga cha madzi?

Zoziziritsira za madzi zotsekeratu, za AIO, n'zokongola, koma kuno sitikulangizani. Zili ndi pampu imene imang'ung'udza nthawi zonse ngakhale kompyuta isakugwira ntchito. Madzi ake amachepa pang'onopang'ono pakapita zaka, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezo. Pampu ikafa purosesa imatentha nthawi yomweyo, ndipo palibe chokonza, n'kugula china basi. Rediyeta yake ili ndi timipata tating'ono timene fumbi limatseka msanga. Ndiponso madziwo amaziziritsidwa ndi mpweya wa m'chipinda womwewo, choncho masamu aja sasintha. Nsanja ya mpweya ili ndi chinthu chimodzi chokha chimene chingafe, fani, ndipo fani ya mamilimita 120 siivuta kupeza m'mashopu a makompyuta ku Limbe ndi Blantyre. Ngakhale itaima, chitsulocho chimapitiriza kumwa moto kwa kanthawi.

Yezani ndi rula musanalipire

Ikani rula pamwamba pa purosesa, muyeze mpaka pamene chitseko cha kesi chimatsekera. AK400 ndi Peerless Assassin 120 SE ndi zazitali mamilimita 155, Noctua NH-U12S 158, NH-D15 165. Siyani mpata wa mamilimita 5 kapena kuposa. Makesi ambiri otchipa ndi opapatiza moti nsanja ya 155 siilola chitseko kutseka. Zikatero funani nsanja ya fani ya mamilimita 92, imene imakhala yaifupi, kapena sinthani kesi. Kusiya kesi yotsegula mpaka kalekale si yankho: fumbi limalowa lonse, tizilombo timamangamo, ndipo phokoso limafika m'khutu mwachindunji.

Onaninso RAM, timabolodi ta memori toimirira pafupi ndi purosesa. Nsanja ziwiri zimaphimba malo a RAM, ndipo RAM yaitali ya magetsi owala imagunda fani yakutsogolo. Fani ija mukhoza kuikweza pang'ono pa mawaya ake ogwirira, koma mukatero kutalika kwa choziziritsira chonse kumaonjezeka. Pa motherboard yaing'ono onetsetsani kuti chitsulo sichikhudza khadi la zithunzi.

Zoziziritsira zafulati, monga Noctua NH-L9i ya mamilimita 37, ndi za makesi opanda malo. Kuno zimangoyenera purosesa ya moto wochepa.

Fani yake ikhale yotani

Fani yaikulu imakankha mpweya wochuluka ikuzungulira pang'onopang'ono. Ya mamilimita 120 kapena 140 ikamazungulira pakati pa 600 ndi 900 pa mphindi, simuimva mukakhala patebulo. Kafani ka choziziritsira chobwera m'bokosi la purosesa kamapitirira 2000 kuti kagwire ntchito yomweyo, ndipo kamalira mwa mluzu.

Pulagi ikhale ya mano 4, ya PWM, chifukwa imalola motherboard kutsitsa liwiro bwinobwino mpaka pansi. Ya mano 3 imatsikanso liwiro pochepetsa mphamvu ya magetsi, koma si motherboard iliyonse imachita zimenezo pa CPU_FAN, polowetsera pulagi ya fani ya purosesa, ndipo ikalephera fani imathamanga liwiro lonse usana ndi usiku. Bering'i ikhale ya fluid dynamic kapena hydraulic. Ya sleeve ndi yotchipa ndipo imakhala chete ili yatsopano, koma mafuta ake amauma msanga potentha, kenako imayamba kukhwekhwereza. Ya ball imapirira kutentha koma imamveka pang'ono.

Za manambala a dBA, muyeso wa phokoso, pa bokosi: phokoso likakwera ndi 10 dBA, khutu limamva ngati lawirikiza kawiri. Koma kampani ina imayeza pa mtunda wa mita imodzi, ina pafupi, choncho yerekezani manambala ochokera kwa woyesa mmodzi amene wayesa zoziziritsira zingapo mofanana.

Kumanga kwake

Konzani sikuludalaiva ya nyenyezi yaitali, kansalu kosasiya ulusi, spiriti yopukutira ya isopropyl alcohol ndi thermal paste. Zoziziritsira zambiri zimabwera ndi paste yake, mwina yopakidwa kale pansi. Ngati mukugula padera, Arctic MX-4 kapena Noctua NT-H1 ndi zokwanira. Mankhwala otsukira mano, girisi wa njinga kapena Vaseline sizilowa m'malo mwa paste, zimauma kapena kusungunuka m'masiku ochepa.

Yatsani kompyuta kwa mphindi 10 kuti paste yakale ifewe, kenako zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, ndipo dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo. Gwirani chitsulo cha kesi musanakhudze motherboard. Gonekani kesi chammbali. Masulani masikuluwu mopingasa, pang'ono apa pang'ono apo. Pa AM4 samalani kwambiri: musakoke choziziritsira molunjika m'mwamba, chifukwa paste youma imanyamula purosesa kuizula mu soketi n'kupinda timano take. Chipotozeni pang'ono kumanja ndi kumanzere mpaka chimasuke chokha.

Pukutani purosesa mpaka iwale. Mangani mbale ya kumbuyo ndi mabulaketi motsatira kapepala ka m'bokosi, ndipo onetsetsani kuti mwatenga timipira kapena timapulasitiki ta soketi yanu, chifukwa ta LGA1700 ndi ta LGA1200 timasiyana msinkhu ngakhale timaoneka tofanana. Tikasinthana, chitsulo sichikanikiza mokwanira. Tembenuzani choziziritsira muone pansi pake: pamakhala kapulasitiki koonekera kokuta mkuwa. Kachotseni. Kuiwala kameneka ndi vuto lofala kwambiri, ndipo chizindikiro chake ndi purosesa yofika madigiri 90 ikangoyaka.

Donthezani paste pakati pa purosesa, kukula kwake ngati njere ya nandolo. Pa LGA1700, poti purosesa yake ndi yotalika mbali imodzi, jambulani kamzere kafupi motsata kutalikako. Tsitsani chitsulo kamodzi, osachinyamulanso. Mangani sikuluwu ya mbali ino kawiri, ya mbali inayo kawiri, mosinthana choncho mpaka zonse zitaima zokha. Osaumiriza kupitirira pamenepo. Mukamanga mbali imodzi mpaka kumapeto musanayambe inayo, paste imathawira mbali imodzi.

Fani ikankhe mpweya kuchokera kutsogolo kwa kesi kupita kumbuyo. Mpweya umatulukira mbali imene kuli timitanda togwira mota, ndipo mafani ena ali ndi kamuvi m'mphepete. Lowetsani pulagi pa CPU_FAN, osati SYS_FAN kapena CHA_FAN. Fani yachiwiri ipite pa CPU_OPT kapena pa chingwe chamanthambi chimene chimabwera m'bokosi. Musanatseke kesi yatsani, muone kuti mapiko akuzungulira.

Kuweta fani mu BIOS

Popanda sitepe iyi, ngakhale choziziritsira chodula chimasokosa. Lowani mu BIOS podina Del kapena F2 poyaka. ASUS amatcha malowa Q-Fan, Gigabyte Smart Fan, MSI Hardware Monitor. Ikani fani pa PWM. Mzere wa liwiro la fani molingana ndi kutentha, umene motherboard imabwera nawo, unakonzedwera zipinda zozizira, moti fani imayamba kukwera purosesa ikangodutsa madigiri 40 kapena 50. Kuno purosesa imakhala pamenepo ngakhale isakuchita kanthu, choncho fani imangokhalira kukwera ndi kutsika, ndipo kusinthasinthako kumatopetsa khutu kuposa kulira kokhazikika.

Poyambira yesani motere: mpaka madigiri 60 fani ikhale pa 35 kapena 40 peresenti, pa 70 ifike 55, pa 80 ifike 80, pa 85 ithamange yonse. Ngati pali malo olembedwa step up ndi step down, ikani kuchedwa kwa masekondi angapo kuti fani isamadzidzimuke purosesa ikatentha kwa kamphindi potsegula pulogalamu. Bwerezani mayeso aja masana. Purosesa ikamakhala pansi pa 85 pa ntchito yolemera mu Okutobala, zili bwino, ndipo mu Juni ndi Julayi idzatsika yokha.

Ikakanabe, chepetsani moto. Pa Ryzen pali Eco Mode, imene imatsitsa purosesa ya mawati 105 kukhala ya 65. Pa Intel tsitsani PL1 ndi PL2, malire a mawati a purosesa. Mawati omalizira aja amabweretsa kutentha kochuluka koma liwiro lochepa, moti pa ntchito za mu ofesi simudzaona kusiyana. Kwa amene akugwiritsa ntchito inveta ndi batire magetsi akathima, kutsitsaku kumatalikitsanso nthawi.

Kanthu kena: kabatire ka CR2032 pa motherboard kakatha, magetsi akangothima BIOS imaiwala zonse mwaika, fani n'kubwerera ku phokoso lakale. Mukaona tsiku ndi nthawi zasokonekera poyatsa, sinthani kabatireko, kenako ikaninso mzere wanu.

Mpweya wa m'kesi ndi fumbi

Nsanja yabwino m'kesi yotsekeka imangozungulitsa mpweya wake wotentha. Pakhale fani imodzi kapena ziwiri zolowetsa kutsogolo, ndi imodzi yotulutsa kumbuyo. Zolowetsa zikachuluka pang'ono kuposa zotulutsa, mpweya umatulukira m'ming'alu m'malo molowerapo, ndipo fumbi limathera pa sefa ya kutsogolo. Kesi ikhale patebulo, osati pansi, kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma masentimita 15, ndipo isakhale pawindo la dzuwa la masana. Musaiphimbe ndi nsalu ikuyaka. Nsalu ndi ya pamene mwazimitsa.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la m'misewu ndi phulusa la minda yotenthedwa zimadzadza m'timapepala ta chitsulo mpaka kukhala ngati bulangete kuseri kwa fani. Nyengo imeneyi pukutani sefa milungu iwiri iliyonse, ndipo chitsulo chipemerereni miyezi iwiri iliyonse ndi bulowa, panja. Gwirani mapiko ndi chala popemerera kuti asazungulire mopyola muyeso n'kuwononga bering'i. Musauzire ndi pakamwa chifukwa cha chinyezi. Paste yokha simufunika kuisintha pafupipafupi: mukaona kutentha kwakwera pamene chitsulo n'choyera, nthawi yake yakwana.

Nsanja ziwiri ngati NH-D15 imalemera kupitirira kilogalamu imodzi, ndipo imalendewera pa motherboard. Ngati mwamangitsa kompyuta ku Blantyre ndipo mukubwera nayo pa minibasi, kapena mukuinyamula pa njinga yamoto kupita ku East Bank, igonekeni chammbali motherboard ili pansi, pa chinthu chofewa. Ulendo ukakhala wa msewu wamabampu, masulani choziziritsira muchinyamule padera m'bokosi lake, mukamange pofika ndi paste yatsopano.